Hina safuna munthu wachangu

Ramadhan ikatsala pang'ono kutha, masitolo a ku Kamwala mu Lusaka amadzaza ndi azimayi ofuna nsalu za Idi, ndipo pakauntala pamakhala timakatoni ta hina wosakaniziratu wochokera ku India ndi Pakistan. Madzulo ake ku Kanyama, Chawama ndi Matero mupeza atsikana ali pamkeka, manja atatambasula. Anansi ena amaseka, ati ndi tatuu, ena ati ndi zizimba. Asekeni okha. Amene akuwononga mwambowu ndife eni ake, ndi changu chathu.

Hina ndi masamba a kachitsamba ka kumadera otentha, owumitsidwa n'kuperedwa. Ku Lusaka anabwera ndi anthu osiyanasiyana: mabanja a Amwenye ochokera ku Gujarat, Aswahili a ku Tanzania, komanso Asomali amene anachuluka ku Chaisa boma la kwawo litagwa mu 1991. Asilamu a m'makomboni, ambiri mwa iwo zidzukulu za Ayao amene anabwera kudzagwira ntchito kuchokera ku Nyasaland, anakumana ndi onsewa pamzikiti ndi pamaukwati. N'chifukwa chake dzanja limodzi mungalipeze ndi maluwa akuluakulu otalikirana a Chiarabu kunjaku, m'chikhatho muli timizere tothithikana ta Chimwenye.

Mtsikana saphunzira kupaka hina kusukulu. Amayamba ndi ntchito yotopetsa: kusefa ufa pakansalu kuti pasatsale kamtengo kotseka pakamwa pa pulasitiki yopakira, kukanda ndi madzi a mandimu, shuga pang'ono ndi mafuta a bulugamu, kenaka kuvundikira mpaka utoto utatuluka. Amazolowera kupinda pulasitiki kuti isongoke. Amajambula papepala, padzanja lake lamanzere, ndiyeno pa ang'ono ake, amene sangadandaule mzere ukakhota. Dzanja la mkwatibwi amalipatsidwa pomaliza penipeni, ndipo woyamba kumulola amakhala mbale wake.

Za nikah (ukwati wa Chisilamu), chiwongo ndi mpunga wa tsikulo tonse tikuzidziwa. Ine mtima wanga uli pa usiku umene mkwatibwi amapakidwa. Hina weniweni amafuna kukhala pakhungu maola ambiri, ena amagona naye, chifukwa utoto wake umalowa pang'onopang'ono. Nthawi yonseyo mwanayo sangagwire kanthu. Sangadye yekha, sangakonze mpango ukagwa, sangathawire kukhitchini. Azakhali amamudyetsa, mng'ono wake amamumwetsa madzi, wina amamudonthezera mandimu ndi shuga kuti phala lisagwe. Mtsikana amene wakhala akutunga madzi ndi kutsukira anthu mbale chiyambire ubwana wake amatumikiridwa usiku umenewo ndi nyumba yonse. Ndipo poti alibe kothawira, amamva. Agogo ndi alangizi amalankhula mosathamanga za apongozi, za ndalama ya ndiwo, za zimene sizinenedwa pagulu. Nthabwala zimagwa, misozi imagwanso.

M'mawa akapala phala louma lija, pakhungu pamangooneka chikasu chofiirira. Osadziwa amakhumudwa. Pakapita masiku awiri mtundu umakhwima n'kukhala woderapo, makamaka m'chikhatho ndi kuphazi kumene khungu ndi lochindikala. Ndiye chifukwa akale ankapaka ukwati usanafike, osati m'mawa wa tsikulo. Ndipo poti hina satseka madzi monga kyutekisi, mayi amatha kupanga udhu (kusamba kokonzekera pemphero) n'kuswali zikhadabo zili zofiira.

Bungwe la UNESCO litaika hina pamndandanda wa chikhalidwe cha anthu mu Disembala 2024, mayiko 16 a Chiarabu atapempha, linaikapo pamodzi ndi miyambo ndi kusonkhana kumene kumayenda naye. Kusonkhanako ndiye tikukutaya.

Lero mkwatibwi ali ndi kicheni pati, wojambula zithunzi, saluni, zonse tsiku limodzi. Akufuna zakuda bii, zooneka bwino pa Facebook, zouma msanga. Wopaka naye, pofuna kutsiriza anthu khumi usiku wa Idi, amatulutsa chimene akuchitcha hina wakuda. Hina sakhala wakuda. Chakudacho kawirikawiri ndi mankhwala odetsera tsitsi otchedwa PPD, amene ku Zanzibar ndi Mombasa amawatcha piko. Amagwira msanga, inde, koma kwa ena khungu limayabwa pakapita masiku angapo, limatupa matuza motsatira duwa lenileni lija, ndipo chipsera chimatha kukhala miyezi. Thupi likadana nawo kamodzi limadana nawo moyo wonse, moti munthuyo akadzadetsa tsitsi nkhope imatha kutupa. Zikatero oseka aja amati taonani zizimba zija, mlandu n'kugwera tsamba losalakwa.

Sindikunyoza atsikana amene akupeza ndalama ndi luso limeneli. M'komboni mmene ntchito ikusowa, kamtsikana kodziwa kujambula kamatha kudzilipirira fizi, ndipo ambiri amene aphunzirira pa YouTube mizere yawo ndi yowongoka kuposa ya azakhali athu, tisaname. Chimene foni siinawaphunzitse ndi kukana kasitomala wofuna zakuda, ndi kumuuza kuti abwere kutatsala masiku awiri, akhale pansi adikire. Wakuda uja amauma alangizi asanamalize n'kupereka moni komwe, mkwatibwi n'kukhala atanyamula kale foni yake.