Mbuya Gwanda Chakuamba ndi udindo wa nduna ya chigawo

Achinyamata ambiri a m'mawodi athu amamva akuluakulu akutchula dzina la Mbuya, koma sadziwa bwino udindo umene munthuyu anali nawo. Malemu a Gwanda Chakuamba anabadwira m'boma lino la Nsanje m'chaka cha 1934, pamene bomali linkatchedwa Port Herald, ndipo anamwalira pa 24 Okutobala 2016.

Pa ulamuliro wa Dr. Hastings Kamuzu Banda, a Chakuamba anali nduna ya chigawo cha kummwera komanso mtsogoleri wa gulu la Apayoniya, limene anthu ankaliopa kwambiri. Masiku amenewo chigawo chilichonse mwa zigawo zitatu za dziko lino chinali ndi nduna yake, imene inali diso ndi khutu la mtsogoleri wa dziko. Mudzi wofuna mlatho, sukulu kapena chipatala unkadalira kuti dandaulo lake lidutse kwa akuluakulu a chipani mpaka lifike kwa ndunayo. Mawu a munthu mmodzi ankatha kufulumizitsa ntchito kapena kuiimitsa.

Mphamvu zoterozo zinalibe mizu, pakuti wozipereka ankathanso kuzilanda tsiku lililonse. M'chaka cha 1980 a Chakuamba anamangidwa, ndipo khoti linawalamula kukhala m'ndende zaka 22 pa mlandu woutsa mtima wogalukira boma. Anatuluka m'chaka cha 1993, Amalawi atasankha ndale za zipani zambiri pa riferendamu.

Atatuluka anabwerera ku chipani cha Malawi Congress, naima monga wachiwiri kwa Dr. Banda pa chisankho cha 1994. M'chaka cha 1999 anapikisana ndi a Bakili Muluzi pa mpando wa pulezidenti, a Chakufwa Chihana ali wachiwiri wawo, ndipo anapeza mavoti ochuluka ngakhale sanapambane. Mu 2004 anaimiranso mgwirizano wa zipani wotchedwa Mgwirizano Coalition nakhala wachitatu. Chaka chotsatira Pulezidenti Bingu wa Mutharika anawapatsa unduna wa zamalimidwe, umene anaugwira miyezi yowerengeka chabe. Pa zisankhozi anthu ambiri a kuchigwa cha Shire, ku Nsanje ndi ku Chikwawa, anaima nawo.

Lero udindo wa nduna ya chigawo kulibe. Lamulo la maboma aang'ono la 1998 linabweretsa ndondomeko ya mphamvu ku anthu. Tsopano pempho la mjigo, mlatho kapena chipupa chotchinga madzi osefukira limayambira ku komiti ya chitukuko ya m'mudzi, VDC, kupita ku komiti ya dera la mfumu yaikulu, ADC, kenaka ku khonsolo, kumene khansala wa wodi amalilankhulira. Njirayi imatenga nthawi, koma chimene chalowa mu dongosolo la chitukuko la boma sichifafanizika chifukwa choti mtsogoleri wina wachotsedwa pa udindo.

Ichi ndicho chifukwa chake khonsolo ikupempha anthu onse kuti azifika ku misonkhano ya VDC ya m'midzi yawo, makamaka nyengo ya mvula isanayambe. Mudzi umene sunatchule vuto lake pa msonkhano wotero umapezeka kuti mulibe m'ndondomeko pamene ndalama za chitukuko zikugawidwa.