Kuyendera Cape Maclear pa nyengo yopanda alendo ambiri

Cape Maclear ndi gombe la nyanja ya Malawi lomwe lili m'dera la Nankumba, m'boma la Mangochi. Mudzi waukulu wa pamalopa ndi Chembe. Dzina loti Cape Maclear anapereka ndi David Livingstone polemekeza mnzake Thomas Maclear, katswiri wa zakuthambo. Mapiri, zilumba ndi madzi ozungulira malowa ali m'kati mwa Lake Malawi National Park, yomwe inakhazikitsidwa mu 1980 ndipo bungwe la UNESCO linaiika pa mndandanda wa malo ofunika padziko lonse mu 1984.

Nyengo za alendo

Anthu a ku Blantyre, monga a ku Ndirande, Bangwe, Chilomoni, Zingwangwa ndi Machinjiri, amakonda kupita kunyanja pa Khirisimasi, pa Chaka Chatsopano, pa Isitala komanso pa Tsiku la Anakubala, pa 15 Okutobala. Alendo akunja amachuluka m'miyezi yopanda mvula. Pa nthawi zimenezi malo ogona amadzaza ndipo mitengo imakwera. Kuyambira pakati pa Januwale mpaka Malichi, m'nyengo ya dzinja, alendo amachepa, motero magombe amakhala a zii ndipo ena mwa eni malo ogona amatsitsa mitengo.

Kayendedwe

Kuchokera ku Blantyre, msewu wa M3 umadutsa ku Zomba ndi Liwonde mpaka ku Mangochi. Kuchoka apo munthu amatsata msewu wa ku Monkey Bay, n'kupatukira kumanzere asanafike m'tauniyo. Ulendo wonse ndi wa makilomita opitirira 200.

Malo oyenda pansi

Njira yaifupi imachokera ku Chembe kupita ku Otter Point, komwe kuli timagombe tobisika pakati pa miyala ikuluikulu. M'madzi ake mumaoneka nsomba za mbuna, zomwe mitundu yake yambiri sipezeka kwina kulikonse padziko. Pafupi pomwepo pali manda a amishoni a ku Scotland omwe anatsegula mishoni ya Livingstonia mu 1875, koma anasamukira ku Bandawe mu 1881 chifukwa cha malungo. Njira zina zimakwera m'mapiri a kuseri kwa mudzi, momwe muli anyani ndi mbira. Zilumba za Thumbi, Domwe ndi Mumbo amafikako pa boti. Polowa m'paki pamakhala malipiro, ndipo Amalawi amalipira zochepa kusiyana ndi alendo akunja.

Zoyenera kusamala

M'dzinja miyala imaterera, udzu umabisa njira, ndipo udzudzu umachuluka, choncho oyenda m'mapiri amatenga wowaperekeza wodziwa malowa ndipo usiku amagona m'masikito. Kuyambira Meyi mpaka Ogasiti kumawomba mphepo ya mwera, yomwe imautsa mafunde otha kugubuduza bwato. M'madzi osaya a pafupi ndi mudzi mumapezeka nkhono zofalitsa likodzo. Matendawa amachizika ndi mankhwala a praziquantel, ndipo amene wasamba m'nyanja amalangizidwa kukayezetsa kuchipatala.

Kuchepa kwa alendo kumavutitsanso anthu a ku Chembe omwe amadalira kuperekeza alendo, kuyendetsa maboti ndi kugulitsa ziboliboli. Alendo obwera m'dzinja amawathandiza kupeza ndalama pa miyezi yomwe chakudya chimasowa m'mabanja ambiri.