Asilikali a M'thupi ndi Khansa ya Amayi

Mayi aliyense ali ndi timatumba tiwiri ta mazira m'mbali mwa chiberekero. Khansa ikayamba m'menemo imakula mwakachetechete, ndipo kawirikawiri imadziwika itafalikira kale. Madokotala amachotsa chotupacho ndi opaleshoni napereka mankhwala amphamvu, koma mwa amayi ambiri nthendayi imabweranso.

Tsono akatswiri a maiko akunja akuyesa njira ina. M'magazi mwathu muli tinthu tamoyo tosaoneka ndi maso timene timatchedwa asilikali a m'thupi, pakuti ntchito yake ndi kulimbana ndi matenda. Dokotala amatapa asilikaliwa m'magazi kapena m'chotupa cha wodwala, nawachulukitsa kwa milungu ingapo, kenaka nawabwezera mu mtsempha kuti akathire nkhondo khansayo. Dr Steven Rosenberg wa ku America anaonetsa mu 1988 kuti njirayi ingachepetse khansa ina ya pakhungu. Boma la America linailoleza mu 2017 pa khansa ina ya m'magazi, ndi mu 2024 pa ya pakhungu ija. Koma pa khansa ya timatumba ta mazira ikali kuyesedwabe, ndiponso mtengo wake ngwaukulu koposa. Munthu akabwera m'mudzi nati akugulitsa mankhwala otere, musampatse ndalama zanu.

Nanga ife a kuno ku Rumphi tichitenji? Choyamba, mayi akaona kuti mimba ikutupa, akukhuta msanga, akumva kuwawa m'chinena kapena akukodza pafupipafupi kwa milungu ingapo, apite kuchipatala, kaya ku Bolero, ku Livingstonia kapena ku Boma. Asayambe wazengereza poganiza kuti walodzedwa. Inu abambo, mperekezeni.

Chachiwiri, pali khansa ina ya amayi, ya khomo la chiberekero, imene tingaipewe pophunzitsa asilikali omwewa. Mphunzitsi wao ndiye katemera wa HPV. Anayambira m'maboma a Rumphi ndi Zomba mu 2013, ndipo mu 2019 anafika m'dziko lonse kwa atsikana a zaka 9. Dziwani kuti katemerayu sateteza ku khansa ya timatumba ta mazira. Ntchito yake ili pa khomo la chiberekero.

Mafumu ndi aphunzitsi, werengerani anthu anu nkhaniyi, ndipo muonetsetse kuti tsiku la katemera likafika pasatsale mtsikana kunyumba.