Kalembera ndi mipingo ya Achewa a tsidya lino ndi tsidya ilo la malire

Msewu wodutsa pa Namitete umapitirira pa Mchinji n'kuwoloka malire pa Mwami, kenako ukafika ku Chipata n'kutsetsereka mpaka ku Katete, komwe kuli Mkaika, likulu la Kalonga Gawa Undi. Munthu wa ku Nsaru kapena kwa Kabudula akafika kumeneko safuna womasulira. Mfunda wa Banda ndi Phiri ndi womwewo, ndipo Buku Lopatulika limene linatuluka mu 1922 ndi lomwe amatsegula Lamulungu. Komabe ziwerengero za zipembedzo za maiko awiriwa zimaoneka ngati zikunena za mitundu iwiri yosadziwana. Ine ndikuona kuti kusiyanaku kumachokera pa mabokosi amene boma lililonse linakonza pofunsa anthu ake, chifukwa anthuwo ndi amodzi.

Kalembera wa ku Malawi wa 2018 anapeza kuti mwa anthu 100 alionse, pafupifupi 17 ndi Akatolika, 14 ndi a CCAP, ndipo enanso pafupifupi 14 ndi Asilamu. Wa ku Zambia wa 2010 anaika Akhristu m'magulu awiri okha akuluakulu: Akatolika 20 ndi Apulotesitanti 75 mwa 100 alionse. M'gulu la 75 limenelo ndi momwe mwabisala abale ake enieni a Sinodi ya Nkhoma. Amishoni a Dutch Reformed anafika pa Mvera mu 1889, ndipo anzawo ochokera ku Orange Free State anamanga pa Magwero, pafupi ndi Chipata, mu 1899. A kuno analowa mu CCAP mu 1926, pamene a uko lero amatchedwa Reformed Church in Zambia. Chosokoneza china n'chakuti dzina la CCAP liliponso ku Zambia, koma kumeneko limakumbutsa za Lundazi ndi ntchito ya Livingstonia. Choncho wofunafuna dzina lokha pa pepala angaganize kuti mpingo wa makolo ake unathera pamalire. Akatolika ndiwo ali ndi mwayi wosunga dzina limodzi, ndipo mishoni ya Kachebere, imene Ansembe Oyera anakhazikitsa mu 1903, yakhala pamalire penipeni ngati ikutsutsa mzere wa atsamundawo.

Nkhani yovuta kwambiri ndi ya Gule Wamkulu. Kalembera wa 2018 akuti otsatira chipembedzo cha makolo ndi munthu mmodzi yekha mwa 100. Aliyense wodziwa midzi ya ku Mpingu ndi Nambuma, kumene ng'oma za pamaliro ndi pachiliza zimamveka chilimwe chonse, sangakhulupirire kuti dambwe latha chotero. Funso la kalembera limalola yankho limodzi, ndipo kawirikawiri woyankha ndi mmodzi m'malo mwa banja lonse. Mayi wa Chigwirizano akafunsidwa za mwamuna wake wometa, amatchula mpingo umene banjalo linadalitsira ukwati. Palinso ambiri amene gule amamuona ngati mwambo wa mudzi, ndiye safuna kumutchula pa funso la chipembedzo, ngakhale ena amamutcha moseka kuti mpingo wa Aroni. Ku Zambia, komwe Frederick Chiluba analengeza mu 1991 kuti dzikolo ndi lachikhristu, kuyankha mwina kumafuna kulimba mtima kowonjezera. Koma chaka ndi chaka, kumapeto kwa Ogasiti, magule ochokera ku Malawi, Zambia ndi Mozambique amadzaza bwalo la Kulamba ku Mkaika, ndipo oonerera ambiri Lamulungu lotsatira amakhala ali m'tchalitchi.

Wina anganene kuti tisiye kalembera, tidalire mabuku a mipingo, poti abusa ndi ansembe amadziwa nkhosa zawo. Zoona, amazidziwa, koma aliyense amawerenga ndi muyeso wake. Parishi imalemba khanda tsiku lomwe labatizidwa, pamene ku CCAP pali kusiyana pakati pa wodya mgonero, wa kalasi ndi wodulidwa. Mnyamata amene anapita kukalima fodya ku Kasungu, kapena amene ali ku Joni, dzina lake limatsalabe m'kaundula wa kwawo, ndipo wosamukira ku mpingo wa Pentekoste sapita kukatsanzika kuti amufufute. Mukaphatikiza mabuku onsewo, Akhristu angachuluke kuposa anthu a m'mudzimo.

Wina angatsutsenso kuti ndikupeputsa ntchito yaikulu. Ayi ndithu. Kalembera yekha ndiye amafika pakhomo lililonse, ndipo popanda iye sitikanadziwa kuti ku Malawi gulu lalikulu koposa, oposa 26 mwa 100, ndi la "mipingo ina", momwe mulinso timipingo tambirimbiri topemphera m'makalasi a sukulu ndi m'zisakasa. Chimene iye amayeza ndi dzina limene munthu amavomera kutchedwa nalo. Sayeza kuti ndani anakhala pabenchi Lamulungu lapitali, ndipo poti pepala lililonse limathera pa Mwami, palibe lomwe lingatiuze kuti Achewa onse pamodzi, a kwa Kabudula, a ku Chadiza ndi a ku Angónia, amapemphera kuti.