Mmisiri wa ku Poland Amene Sanaone Nyumba Yake

Mu mzinda wa Raleigh, m'chigawo cha North Carolina ku Amereka, muli chinyumba chachikulu chotchedwa Dorton Arena, chimene anachimanga kuti alimi azionetseramo ziweto zao. M'kati mwake mulibe mzati ngakhale umodzi. Denga lake liri lende pa zingwe zachitsulo zokungidwa pakati pa mauta awiri a konkire opingasana, ndipo amisiri a m'maiko ambiri anatengerapo nzeru. Koma mwini nzeruyo, Bambo Maciej Nowicki, sanachione ndi maso.

Bambo Nowicki anabadwa mu 1910 ku Chita, m'dziko la Siberia, kwa makolo a ku Poland, ndipo anatsiriza maphunziro a zomangamanga ku Warsaw mu 1936. Pamene Ajeremani analanda dziko lao, iwo anapitiriza kuphunzitsa achinyamata mobisa, chinthu chimene masiku amenewo munthu akadafa nacho. Nkhondo itatha mu 1945, Warsaw anali bwinja lokhalokha. Iwo anajambula mapulani omangiranso pakati pa mzindawo, koma mapulaniwo anathera papepala, pakuti posakhalitsa anawatuma ku Amereka pa nchito ya boma lao.

Kumeneko luso lao silinabisike. Mu 1947 anaimira Poland m'kagulu ka amisiri kojambula likulu la United Nations ku New York, ndipo mu 1948 anawapatsa udindo wotsogolera maphunziro a zomangamanga ku North Carolina State College.

Tsono kunadza nchito yoposa zonse. Chigawo cha Punjab ku India chinasowa likulu, popeza Lahore anagwera ku Pakistan mu 1947, ndipo Albert Mayer anapempha Bambo Nowicki kuti ajambule naye mzinda watsopano wa Chandigarh. Tiganiza kuti munthu amene anaona mzinda wakwao ukuphwasuka sakadakana pempho lotere. Pobwerera kuchokera ku India, kumapeto kwa August 1950, ndege imene anakwera inagwa m'chipululu cha Egypt, nipha anthu onse 55. Iwo anali ndi zaka 40 zokha.

Chandigarh anaperekedwa kwa Le Corbusier, ndipo ndiye amene mzindawo umatchuka naye. Chinyumba cha ku Raleigh anachitsiriza mnzao William Deitrick mu 1952. Mai Stanisława Nowicki, amene anali mmisiri ngati amuna ao, anayamba kuphunzitsa ku University of Pennsylvania mu 1951, nakhala pa nchitoyo kufikira 1977.