Nsomba zili m'galimoto, injini ikukana kulira: muyambire pati?

Ndi m'bandakucha pa doko. Mwagula utaka ndi chambo, mwathira ayezi, mwapakira m'galimoto kuti mukafike ku Limbe msika usanazizire. Mukupotokola kiyi, sitata ikuzungulitsa injini bwinobwino, koma injiniyo siikulira. Dzuwa la ku Mangochi silidikira munthu, ndipo ayezi akasungunuka, mpamba wonse wapita.

Ambiri timathamangira kunena kuti batire yafa. Koma ngati sitata ikuzungulitsa mwamphamvu, batire ilibe mlandu. Mukapitiriza kukakamiza ndiye mudzaipha nokha. Yesani kwa masekondi osapitirira 10, kenako ipumitseni. Kuitana anyamata a padoko kuti akankhe sikuthandizanso, chifukwa kukankha kumangolowa m'malo mwa sitata. Galimoto ya otomatiki ndiye sililira n'komwe ndi kukankha.

Injini ya petulo imafuna zinthu zitatu: mafuta, moto wa m'mapulagi, ndi mpweya wopanikizika bwino. Ikakana kulira ndiye kuti chimodzi chasowa. Chifufuzeni mwa dongosolo, kuyambira pa zosafuna ndalama.

Yambani ndi mafuta. Geji ya galimoto zakale zochokera ku Japan zomwe timagulazi imanama nthawi zina, choncho dzifunseni kuti munathira liti, komanso kuti. Ngati vuto layamba mutangothira mafuta a m'zigubu, kayikirani madzi kapena palafini. Kenako wina ayike khutu pafupi ndi thanki inu mukutsegula kiyi. Pampu yamoyo imamveka kung'ung'udza kwa masekondi awiri kapena atatu. Pa ma Toyota ena imayamba pokhapokha sitata ikuzungulira, ndiye mvetseraninso nthawi imeneyo. Mukapanda kumva kanthu, tsegulani kabokosi ka mafyuzi mu boneti. Pa Toyota onani fyuzi yolembedwa EFI. Ngati yapsa, ikani ina ya nambala yomweyo, osati kawaya kongolumikiza, chifukwa kameneko kangathe kuotcha galimoto yonse.

Ngati mukumva fungo la petulo, mwina mafuta achuluka mpaka anyowetsa mapulagi. Pondani akiseleta mpaka pansi, osapopa, ndi kuyesanso kuliza.

Chachiwiri ndi moto. Onani kiyi amene muli nayeyo. Galimoto zina zili ndi kachipangizo koletsa akuba, ndipo kiyi wodulitsa pamsika amazungulitsa sitata koma injini siilira. Kanyali kooneka ngati kiyi kapena loko kakamathwanimabe mwalowetsa kiyi, tengani kiyi wake weniweni. Yang'ananinso mawaya mu boneti ndi tochi. Galimoto yonyamula nsomba, chimanga kapena mpunga imaitana makoswe, ndipo khoswe akadula kawaya kamodzi ka sensa, moto sufika m'mapulagi. Nyengo ya mvula, pukutani chinyontho pa mawaya ndi ma koyilo ndi nsalu youma.

A dizilo, nkhani yanu ndi ina chifukwa injini yanu ilibe mapulagi a moto. M'mawa dikirani kanyali ka mahita kazime musanalize. Ngati dzulo mafuta anakutherani panjira, m'mapaipi mwalowa mpweya. Pa Hilux, Hiace ndi Dyna zambiri, pamwamba pa fyuluta ya dizilo pali kapampu kodina ndi dzanja: dinani mpaka kalimbe, kenako yesani. Pansi pa fyuluta yomweyo pali potulutsira madzi. Masulani pang'ono, madzi atuluke mpaka muone dizilo yekhayekha, ndipo mumangenso.

Chachitatu chimafuna khutu la mwini galimoto. Ngati injini ikuzungulira mothamanga ndi mopepuka kusiyana ndi masiku onse, mwina lamba wa taimingi waduka ndipo injini siikupanikizanso mpweya. Apa siyani pomwepo, itanani makaniko. Pa injini zina, kupitiriza kumapinda mavavu ndipo mtengo wokonzetsa umakwera kwambiri.

Zinthu ziwiri musachite ngakhale wina akuuzeni: kuthira petulo polowera mpweya, ndi kuyesa moto wa pulagi pamalo ponunkha petulo. Moto ukabuka simupulumutsa galimoto, ngakhale nsombazo.

Mukamaimbira makaniko, musangoti “yakana kulira”. Muuzeni ngati pampu ikumveka, nyali zomwe zikuyaka, komwe munathira mafuta, ndi mmene injini ikumvekera. Akatero amabwera ndi zida zoyenera, ndipo simugula mapulagi atsopano pomwe vuto ndi fyuzi.

Pomaliza, dziikireni malire. Pakatha theka la ola osapeza vuto, samutsirani nsomba m'galimoto ya mnzanu kapena gulitsani pompo, ngakhale phindu lichepe. Galimoto mudzaikonza masana, koma chambo chikafewa mimba palibe wogula. Ndipo ulendo wotsatira, musanapakire katundu, lizani kaye injini, muonenso kuti tochi, mafyuzi apadera ndi kiyi weniweni muli nazo.