Cenjerani ndi Matikiti Onyenga

Bwalo la ndege la Kenneth Kaunda liri m'boma la Chongwe, ndipo masiku ano tikiti ya ulendo igulidwa pa lamya ya m'manja. Mbala zidziwa zimenezi. Zitsegula tsamba pa Facebook lokhala ndi cizindikiro ca kampani yeniyeni, ziika mtengo wotsika, ndi kunena kuti mipando yatsala iwiri yokha, kuti inu mutumize ndarama msanga musanaganize. Cithunzi ca tikiti cimene mulandira ciri cabe, pakuti cimodzi comweco acigulitsa kwa anthu ambiri.

Tsono musanalipire, funsani ku ofesi ya kampaniyo ngati imdziwa wogulitsayo. Musatumize ndarama ku nambala ya munthu wamba, ndipo PIN yanu musauze munthu aliyense. Mukanyengedwa, sungani mauthenga onse, nimukadziwitse apolisi ndi a ZICTA.